Galimoto ya Malemu Nedyalko

Zdravko anaona chithunzi cha a Nedyalko chitamatidwa pamtengo wa pasiteji ya basi, pakati pa zidziwitso zina za maliro, ndipo anavula chipewa. Atayenda pang'ono, chisoni chake chinasanduka mantha. Galimoto yonyamulira tsabola imene inali pabwalo pake inali idakali m'dzina la munthu wa pachithunziyo.

Anaigula monga mmene ambiri ankagulirana m'mudzi mwawo, kufupi ndi Pazardzhik. Anapereka ndalama, anamwera limodzi kachasu wotchedwa rakiya, ndipo a Nedyalko anamulembera kalata yomupatsa mphamvu zoyendetsa ndi kusamala galimotoyo m'malo mwawo. Zosintha dzina onse awiri ankaziona ngati kutaya tsiku pamzere. Tsopano tsabola anali atafiira m'munda, ndipo popanda galimoto akanaolera momwemo.

Mkazi wa Zdravko anamutuma kwa a Boryana, oyandikana nawo nyumba, amene ankagwira ntchito mtauni kwa notale, mkulu wotsimikizira zikalata. A Boryana anaiwerenga kalatayo ali chiimire pachipata, n'kumubwezera.

"Achimwene, kalata iyi yalowa m'manda limodzi ndi a Nedyalko. Munthu akamwalira, mphamvu zimene anakupatsa zimathera pomwepo. Mwalamulo galimotoyo ndi ya ana awo."

"Komatu ndinalipira. Mudzi wonse ukudziwa."

"Ndiye mudzi wonsewo ukasaina? Inu ng'ombe yolusa mumaigwira nyanga, koma pepala mumalithawa ngati njoka."

Atamuseka choncho, anamufotokozera zoyenera kuchita. Ayambe wasiya kuyendetsa galimotoyo. Ana a malemu akatenge kukhonsolo chikalata chotchula onse oyenera kulandira chuma cha bambo awo, kenako onsewo asaine mgwirizano wogulitsa pamaso pa notale. Zikatero, iye apite kwa apolisi apamsewu kuti chiphaso cha umwini chituluke m'dzina lake. Koma mwana mmodzi akakana, nkhaniyo idzathera kukhoti.

Anawo analipo awiri: Velin wa mtauni, ndi mlongo wake Gergana, amene ankagwira ntchito ku Spain ndipo anangobwerera maliro. Zdravko anapita kumanda tsiku lokumbukira malemu, analandira tirigu wowiritsa wa pamwambowo n'kudya, koma za galimoto sanatchule. M'mawa mwake ndi pamene anakagogoda pakhomo pawo.

Velin anazengereza. Anati iye sanaonepo umboni wa malondawo, ndipo galimoto yoteroyo ikhoza kumuthandiza iyenso. Zdravko sanakweze mawu. Anangofotokoza mmene zinayendera, chipewa chili pabondo. Gergana ankamvetsera akutsuka makapu.

"Iwe Velin, bambo anandiuza okha pafoni kuti anaigulitsa, n'kukonzetsa denga lakuphimba pamutuli. Ukufuna denga, ukufunanso galimoto? Ine ndikunyamuka Loweruka. Mawa tipite kukhonsolo."

Velin anayang'ana kudenga kwa kanthawi, kenako anafunsa nthawi imene ofesiyo imatsegulidwa.

Zonse zinayenda monga ananenera a Boryana. Awiriwo anasaina kwa notale, apolisi anayerekeza nambala ya pagalimoto ndi ya m'zikalata, ndipo Zdravko anatuluka ndi chiphaso cholembedwa dzina lake. Sabata yomweyo tsabola wake anafika kumsika wa ku Plovdiv asanafote. Pobwerera anayendetsa akuganiza kuti wapulumukira pa chilungamo cha munthu mmodzi, amenenso akanatha kukhala atakwera kale ndege.

Madzulo anawapititsira a Boryana dengu la tsabola, ndipo iwo anamuuza kuti akaphunzitse anzake a kumsika, poti ambiri a iwo akuyendetsa magalimoto ndi makalata otere.

Kalata yopatsana mphamvu si umwini, ndipo imatha mwini wake akamwalira. Mukagula galimoto, pitani ndi wogulitsayo kwa notale nthawi yomweyo, ndipo musapume mpaka chiphaso chitatuluka m'dzina lanu.