Mzere wa Adokotala

Mkazi wa mmisiri anatsuka mzerewo osadziwa kuti unali ndi ntchito. Anauona pamimba pa amuna ake, wa inki, pansi pa mchombo, nkuganiza kuti cholembera cha anamwino chinangodutsapo. Anaupaka sopo mpaka unatheratu.

Bambowo anali omanga nyumba. Msana utayamba kuwawa anangomanga lamba, poti womanga aliyense msana umamuwawa. Kenako thupi linatentha, miyendo inachita dzanzi, mkodzo nkukana kutuluka. Kuchipatala makina ojambula anaonetsa mafinya atapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Tizilombo tinalowera pachithupsa cha pachigongono chimene anachifinya okha. Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo, nkuwaika pa diripi ya mankhwala opha tizilombo. Zoti adzayendanso palibe analonjeza.

Tsiku lachitatu adokotala anavundukula bulangete.

"Mzere wanga uli kuti?"

"Ndatsuka, adokotala. Ndimati ndi litsiro."

"Amayi awa mukawalekerera atsuka ndi ulusi wa pabala womwe," anatero bambowo ali chigonere.

Adokotala anaseka. Anafotokoza kuti mzerewo unali malire: kumtunda kwake bambo amamva akawakhudza, kumunsi samamva kanthu. Anatenga kathonje.

"Tsinzinani. Mukamva, nenani."

Anakhudza pamchombo.

"Ndamva."

Anatsika pang'ono, kupitirira pamene panatsukidwa paja.

"Ndamva."

Mayiyo anagwira chitsulo cha bedi. M'chiuno, ndamva. Pantchafu, ndamva. Mayiyo anayamba kuponda pansi ngati mwana amene wauzidwa za ulendo, milomo ikuyankhira limodzi ndi amuna ake. Wodwala wa pabedi loyandikana anadzutsa mutu. Kathonje katafika pabondo, bambowo anakhala chete. Adokotala analemba mzere watsopano pamwamba pa bondolo.

"Unali apa," anatero mayiyo, akuloza pamimba. "Ndiye watsika chonsechi? Ayenda, adokotala?"

"Mtsempha ukudzuka. Sindilonjeza tsiku, koma njira ndi imeneyi. Mankhwala ndi a masabata asanu ndi limodzi, osadukiza, ngakhale atayamba kuvina."

"Kuvina sanadziwepo awa."

"Inu amayi, ndili pomwe pano."

Mayiyo sanamve. Anali atatuluka kale pakhonde, patapata kuphazi limodzi, akuimbira mwana wawo wamkulu. Foni isanayankhidwe nkomwe anali atayamba kunena.

"Afika pabondo, mwanawe. Abambo ako afika pabondo."