Kambewa pansi pa epuloni

Kontrakiti ya Teleza Makwinja inali yoti ithe Lachiwiri pa 30 Epulo 2024. Tsikuli linali limodzi kwa anthu onse 46 a gulu lake, omwe analembedwa ntchito yotchola tiyi mu Disembala mvula itayamba. Mvula ikatha tiyi saphuka kwambiri, ndiye esiteti imangosunga anthu ochepa odulira ndi kupalira m'miyezi yozizira. Chaka chimenechi, pa gulu la Teleza pankafunika anthu 12.

Mayinawo amalemba ndi kapitao. Kapitao wa gululi anali a Everson Namakhwa, ndipo panali njira yodziwika yowakumbutsira dzina lako: nkhuku. Palibe buku lomwe linanena zimenezi. Munthu ankangopita nayo kunyumba kwawo Lamulungu n'kunena kuti wabwera kudzaona ana. Pofika pakati pa Epulo, m'khola la a Namakhwa munali mutalowa nkhuku zachilendo zisanu ndi ziwiri.

Teleza analibe nkhuku. Chitopa chinamaliza zake zonse mu Novembala. Mwamuna wake anapita ku Joni mu 2021, ndipo nambala yake inasiya kupezeka chaka chotsatira. Anatsala ndi Tione, mwana wa zaka zinayi, komanso chipinda chimodzi cha ku laini. Zipinda za ku laini ndi za anthu omwe ali pa ntchito. Dzina likasowa pa mndandanda, chipinda nacho chapita.

Lamulungu pa 14 Epulo, atachoka kutchalitchi, Teleza anakwera kabaza ndi Tione kupita ku Luchenza. Anali ndi K5,000 yomanga pa nsonga ya chitenje. Nkhuku yotchipa kwambiri pamsika, yomwe inkaodzera masana, ankaigulitsa K8,500. Teleza anaiyang'ana, nayonso inamuyang'ana, n'kusiyana.

Pafupi ndi siteji ya maminibasi panali bambo wina atayala chiguduli pansi. Pamenepo panali mawotchi owala mumdima, timfuti ta madzi, magalasi a pulasitiki a pinki, timatochi ta pa makiyi, mafoni a zidole oimba nyimbo imodzi. Tione ananjuta pomwepo n'kukana kusuntha.

Wogulitsa uja ananyamula kachidole ka ubweya wotuwa, konenepa ngati chibakera, kooneka ngati mbewa yodulidwa mchira. Anakadina kunsi.

"Mayi, kameneka sikadya, sikaluma. Tangolankhulani chilichonse."

"Ndilibe ndalama," anatero Teleza.

Kambewa kanagwedeza mutu, n'kudumphadumpha pachikhatho. "Ndilibe ndalama!" kanatero, ndi mawu ang'ono akuthwa ngati a mwana wotsinidwa mphuno.

Tione anaseka. Kambewa nako kanaseka. Kenako mwanayo anaika pakamwa pa khutu la chidole n'kunong'ona chinthu china.

"Ndikufuna zigege!" kambewa kanalengeza kwa siteji yonse.

"Mwamva?" anatero wogulitsa. "Inuyo mukhoza kunong'ona. Iko kunong'ona sikadziwa."

Mtengo unali K4,000, mabatire atatu ali momwemo. Teleza anaganizira za a Namakhwa kwa kanthawi. Kenako anamasula nsonga ya chitenje. Ndalama yotsala anagulira zigege, ndipo anabwerera wapansi, Tione ali kumsana, kambewa kakubwereza moni wa aliyense amene anakumana naye.

Lolemba m'mawa panabuka vuto. Mayi a Ben, a khomo loyandikana, omwe amasunga ana anzawo akapita kumunda, anakana kutsala nako.

"Mwana ndikusungirani. Koma chinthu chopanda magazi n'kumalankhula, m'nyumba mwanga ayi."

Kukasiya m'chipinda kunali kuitana ana a laini yonse pa zenera. Teleza anakazimitsa, n'kukaika m'kathumba ka nsalu, n'kumanga m'chiuno pansi pa epuloni yake ya pulasitiki.

Sikelo yoyamba inali 9 koloko, pa shedi ya munda wa nambala 14. Anthu anafola mzere ndi madengu awo. Mervis, kalaliki, ankayeza n'kumalemba makilo pa tabuleti. A Namakhwa ankayenda m'mbali mwa mzere, kupisa dzanja m'dengu lililonse pofuna masamba okhwima. Lamulo ndi masamba awiri ndi nsonga. Powerama kuti atule dengu, Teleza anapanikiza kathumba kaja ndi ntchafu osadziwa, kambewa n'kuyaka.

A Namakhwa anaima pa dengu la mayi amene anali kutsogolo kwake, n'kutulutsa tsamba lalikulu lobiriwira kwambiri.

"Ameneyu ndi tiyi kapena chigwada?"

"Ameneyu ndi tiyi kapena chigwada?" mawu ang'ono anafunsa kuchokera penapake mumzere.

A Namakhwa anatembenuka msanga.

"Ndani ameneyo?"

"Ndani ameneyo?"

Mayi wina anabisa nkhope m'duku. Mervis anayang'anitsitsa tabuleti ngati yalemba zodabwitsa. Teleza, akunamizira kumanga chitenje, anapeza kabatani n'kuzimitsa.

A Namakhwa sanavutike kufufuza. Anatembenukira kwa Lackson, mwamuna wa mkulu wake wa Teleza, yemwe esiteti yonse inkamudziwa potsanzira mayendedwe a manijala, chifuwa cha abusa ndi kulira kwa thirakitala yokana kuyaka.

"Iwe."

"Bwana kapitao, taonani," Lackson analoza masaya ake otupa. "M'kamwa mwanga muli nthochi."

"Ine si mnzako wa kumowa. Dzina lako ndalifufuta."

Lackson anameza nthochi ija mosatafuna. Iye anali atapereka tambala wofiira pa 7 Epulo.

Atafika pa dengu la Teleza, a Namakhwa anatsitsa mawu. "Mayi a Tione, simunaoneke kunyumba. Ana akumafunsa."

"Ndikuyankhani Lachitatu, bwana."

"Lachinayi mndandanda ukupita ku ofesi."

Poweruka, cha m'ma 3 koloko, Lackson anamupeza pa kanjira kodutsa pakati pa tiyi.

"Alamu, mimba yanu inayamba liti kulankhula? Ine ndinali kumbuyo kwanu. Mawu aja amatuluka m'chiuno mwanumo."

Teleza anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa kambewa.

"Mayo ine!" anatero Lackson.

"Mayo ine!" kanatero kambewa.

Lackson anaseka mpaka anakhala pansi m'ngalande. Atadzuka anapukuta misozi n'kukumbukira chisoni chake. "Ndiye tambala wanga wapita ulere chifukwa cha mbewa ya mabatire? Achemwali anu ndikawauza chiyani? Ndibwerekeni ndikayike pansi pa guwa Lamulungu, mwina mtima ungakhale pansi."

"Ndi ka mwana aka, alamu. Inuyo Lachitatu mudzaime kutali ndi ine. Kumapeto kwenikweni kwa mzere."

"Chifukwa?"

"Mudzangoima kutali. Ndipo musadzabwere ndi nthochi."

Lachiwiri ataweruka, Teleza anakhala kuseri kwa chipinda chake atavala epuloni. Anayeserera kuyatsa ndi kuzimitsa kambewa ndi chala chachikulu, osayang'ana, maulendo makumi awiri. Tione ndi amene ankanong'ona, amayi ake ataima mowongoka ngati pa sikelo. Anapeza kuti kambewa kamamva bwino munthu akawerama, pakamwa pakafika pa msinkhu wa dengu lotulidwa pansi.

Lachitatu lililonse, pa sikelo yachiwiri ya 11:30, kumabwera madamu Olivia, wachiwiri kwa manijala, pa njinga yamoto. Pa 17 Epulo anafika nthawi yake, n'kuima pafupi ndi Mervis kuona makilo a sabata. A Namakhwa sankaopa kunong'ona madamu ali pomwepo, chifukwa thirakitala yonyamula masamba nthawi zonse inkadikira injini ikulira. Tsiku limeneli dalaivala anali atauzidwa kuti azisamala dizilo. Injini inali yozima. A Namakhwa sanalabadire.

Teleza anatula dengu. Madamu anali pa mtunda wa mapazi asanu ndi limodzi. A Namakhwa anawerama, manja onse awiri m'masamba, maso pansi, ngati munthu wakhama pa ntchito yake. Chala cha Teleza chinadina.

"Lero ndi Lachitatu," ananong'ona. "Nkhuku ifike madzulo ano. Ya msoti. Apo ayi, dzina lanu palibe."

Panadutsa kamphindi kakang'ono.

"Lero ndi Lachitatu! Nkhuku ifike madzulo ano! Ya msoti! Apo ayi, dzina lanu palibe!"

Epuloni ya Teleza inkagwedera, kambewa kakudumphadumpha mkati. Madamu Olivia anakweza mutu.

"A Namakhwa, mwati chiyani?"

"A Namakhwa, mwati chiyani?"

"Ndi Lackson, madamu!"

"Ndi Lackson, madamu!"

Anthu onse anatembenuka. Lackson anali kumapeto kwa mzere, kunja kwa shedi, atakweza manja onse m'mwamba, atayasamula kukamwa kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.

Teleza anapisa dzanja pansi pa epuloni, n'kutulutsa kambewa, n'kukaika patebulo la kalaliki. Kanali kakugwedezabe mutu. Wina anaphulika chiseko, kambewa kanabwezera chisekocho, ndipo mzere wonse unasokonekera. Madamu anatembenukira kumbali kwa nthawi ndithu, akuyang'ana mitengo ya bulugama, mapewa akugwedera.

"Zimitsani," anatero pomaliza.

"Zimitsani," kanavomereza kambewa, ndipo Teleza anazimitsa.

"Kamangobwereza zomwe kamva, madamu. Pakokha sikadziwa kanthu."

"Ndaona." Madamu anayang'ana gulu lonse. "Ndi angati pano apereka nkhuku?"

Anthu ankayang'ana mapazi awo, ena madengu. Mndandanda unali usanachoke m'manja mwa a Namakhwa, ndipo madamu amabwera kamodzi pa sabata. Kenako kumapeto kwa mzere kunalira tambala, mokweza, momveka bwino, mpaka tambala weniweni wa ku laini anayankha. Lackson anatsitsa dzanja limodzi n'kusiya linalo m'mwamba. Pang'onopang'ono manja ena asanu ndi limodzi anakwera.

"A Namakhwa, 2 koloko ku ofesi. Mervis, mundikonzere makilo ndi masiku a munthu aliyense kuyambira Disembala." Kenako anatembenukira kwa Teleza, nkhope itauma. "Inunso mayi. Chidolechi chikanagwera m'masamba n'kukalowa m'makina ku fakitale, mukanayankha chiyani? Dzina lanu?"

"Teleza Makwinja."

Madamu analemba, n'kukwera njinga yawo. Palibe amene anaona pomwe dzinalo linalembedwa, kaya tsamba la abwino kaya la oipa.

Lachinayi madzulo mnyamata wa kabaza anazungulira ku laini ndi chiteretere kumbuyo kwa njinga. Nkhuku zisanu ndi imodzi zinabwerera kwa eni ake. Tambala wa Lackson anali atadyedwa pa 8 Epulo, tsiku lotsatira atangofika. M'malo mwake Lackson analandira kathadzi kopanda nthenga m'khosi.

Teleza anadikira masiku asanu ndi anayi. Lamulungu anayamba kufunsa mwakachetechete mtengo wa zipinda za lendi ku Luchenza, ndipo mayi a Ben anamukumbutsa kawiri kuti iwo ananena kale za zinthu zopanda magazi.

Mndandanda unakhomedwa pa bolodi la ku ofesi Lachisanu pa 26 Epulo, wotayipa, wosainidwa ndi madamu. Unatsata makilo ndi masiku. Dzina la Teleza linali pa nambala 5. Pambali pake panali mawu olemba ndi cholembera: *wachenjezedwa, zidole zizitsala kunyumba.* Pansi pa dzina la 12 panali mzere wofiira. Pansi pa mzerewo, pa nambala 13, panali Lackson.

Lackson anaima pa bolodi nthawi yaitali, akuwerenga kuyambira pamwamba, kenako kuyambira pansi.

"Ndaperewera makilo 40 okha, alamu. Makilo 40 pa miyezi isanu."

"Ndi aja munkasiya dengu n'kumatsanzira thirakitala."

"Ndinalira ngati tambala pamaso pa madamu chifukwa cha inu!"

"Munalira bwino zedi."

Lackson anapukusa mutu. "Mbewa yanu yandidya ine. Pakanapanda iyo, kapitao akanandisiya pa nambala 3." Ananyamuka kupita kwawo ku Chimaliro, komwe mkazi wake anali ndi munda wa nandolo wofuna munthu, kathadzi kaja kali m'khwapa. Disembala anali kutali miyezi isanu ndi iwiri.

A Namakhwa analandira kalata ya chenjezo n'kukhalabe kapitao. Kambewa kanafa Lachinayi pa 2 Meyi, Tione atakasambitsa m'beseni ndi sopo chifukwa kanali kada. Teleza anakayanika padzuwa masiku awiri, anasintha mabatire, koma sikanatulutsenso mawu.

Lolemba pa 6 Meyi, tsiku loyamba la kudulira, Teleza anamanga kathumba ka nsalu kaja m'chiuno, pansi pa epuloni. Chenjezo analitsatira: chidole chinatsala kunyumba. M'kathumbamo anaikamo mbatata yootcha imodzi, yaikulu ngati chibakera.

A Namakhwa anafika pa mzere wake 8 koloko. Anayang'ana tiyi amene anadulira, kenako chotupa cha pa epuloni. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Analoza nthambi imodzi ndi ndodo, anaonetsa ndi zala ziwiri kuti itsike pang'ono, n'kupitirira mwakachetechete kupita pa mzere wina.