Muno Sitipha Ngakhale Nsomba

Mbama yoyamba ya tsikulo inagwa mafuta asanatenthe n'komwe.

Sogen sanacheuke. Anaimva kumbuyo kwake, phaa, ndipo anadziwiratu tsaya limene yagwerapo. Linali la a Ekan, bambo wa imvi amene anasiya kuyendetsa basi ku Sendai akazi awo atamwalira, n'kudzameta mpala kuti aphunzire unsembe m'kachisi uyu wa m'mapiri. Womenyayo anali Doryu, mnyamata woti ndevu zake mukhoza kuziwerenga. Koma muno ukulu sayesa ndi imvi. Amene anayamba kulowa pachipata ndiye mkulu, basi, ndipo Doryu anawatsogolera onse awiri ndi dzinja limodzi lokha.

"Ndinati umufinye tofuyu, mdala iwe, osati uzimusisita ngati mkazi wako. Taona madziwa!"

"Pepani, akulu."

"Pepani, pepani. Basi ija unkayendetsa ndi pepani?"

Sogen analuma mano n'kupitiriza kudula tofu uja, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya. Dzanja linkamuyabwa, koma ankadziwa mtengo wake. Kwawo ku Akita bambo ake anali chigonere, atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kakachisi kawo ka kumudzi kankadikira iyeyo. Akamaliza maphunziro a unsembe adzalowa m'malo mwa bambo ake. Akapirikitsidwa, akuluakulu adzatumizako wansembe wina, ndipo nyumba imene amayi ake akalambiramo imapita limodzi ndi kachisiyo. Lamulo la pano aliyense ankalidziwa ngakhale palibe anali kulitchula: wamkulu akakumenya ndiye kuti akukuphunzitsa, iwe ukabwezera ndiye kuti wayambitsa ndewu.

Tsikulo kunabwera banja lolemera la kuchigwa kudzachita mapemphero okumbukira malemu awo. M'chipinda chachikulu ng'oma inkagunda, ansembe akuimba ndi mawu apansi. Akatha kupemphera ankayenera kudya, ndipo chakudya cha m'kachisi sichikhala ndi nyama, nsomba kapena dzira. Msuzi Sogen anaupanga ndi ndere za m'nyanja ndi bowa wouma, amene anagona m'madzi kuyambira dzulo. Unali kale pambali ukufuka nthunzi.

Anatenga chidutswa choyamba, n'kuchigubuduza mu ufa wa mbatata, n'kuchikutumula, n'kuchitsitsira m'mafuta pang'onopang'ono. Tswaaa. Tofu wotere safuna ulesi. Ukamupaka ufa n'kumusiya, ufa umanyowa n'kusanduka phala. Ukamuvuula n'kumuchedwetsa m'mbale, kankhoko kake kopyapyala kaja, kamene kamalira khwa ukaluma, kamamwa msuzi n'kulefuka. Ndiye ntchito inali yothamanga: Sogen akukazinga, a Ekan akupaka ufa n'kumapatsira, Doryu ataima potero manja m'chiuno.

"Bambo, pukutani kaye ndi nsaluyo musanapake," Sogen ananong'ona. Ankawatchula choncho Doryu akayang'ana kumbali.

"Ndamva, mwanawe. Koma zalazi zachita dzanzi ndi chisanuchi."

Zalazo zinali zong'ambikang'ambika chifukwa cha madzi ozizira a m'bandakucha. Chidutswa china chinawapulumuka chisanafike kwa Sogen, n'kugwera m'mafuta chonyowa, thibu! Mafuta anathetheka. Dontho limodzi linakatera pakhosi pa Doryu.

Dontho limodzi, lochepa ngati njere ya mpunga.

Doryu anakhudza pakhosipo, n'kuyang'ana chala chake, kenako n'kusuzumira m'chiwaya momwe tofu uja anali atabalalika tizidutswa.

"Muno sititaya chakudya, eti mdala?"

"Inde, akulu."

"Ndiye tola."

A Ekan anatambasula dzanja kuti atenge timitengo tiwiri topanira chakudya. Doryu anatikankhira pansi ndi chigongono.

"Ndani wanena za timitengo? Unagwetsa ndi chiyani?"

"Akulu," anatero Sogen, "ndivuula ine ndi sefa."

"Iwe mwana wa wansembe, yang'ana moto wako."

Sogen ankaganiza kuti n'zongoopseza, monga masiku ena onse. Mwina Doryu nayenso ankaganiza choncho. Anagwira mkono wa a Ekan n'kuukokera pamwamba pa chiwaya, akuseka, bambo aja akukokera kwawo, iye akukankhira kwake. Phazi la mmodzi linaterereka pa ufa umene unatayika. Zala zitatu za a Ekan zinamira m'mafuta.

Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwa a Ekan sikunali kwa munthu wamkulu.

Pafupi ndi Sogen panali thabwa lofinyira tofu, lolemera ndi madzi. Sanaganize za Akita. Analinyamula ndi manja awiri n'kulitsitsa pankhope pa Doryu, khu! Mphuno inalira ngati nkhuni youma. Doryu anadzandira, n'kukagunda shelefu, mbale zakuda za alendo n'kugwa mbwee pansi. Anadzuka magazi ali chuchuchu, n'kudumphira Sogen, n'kumuluma khutu. Anagwa onse awiri n'kumagubuduzana mu ufa ndi msuzi wotayika. Sogen anapeza mpata, anamukhalira pachifuwa n'kuyamba kumusinja. Chibakera cha mbama ya lero. Chibakera cha ya dzulo. China cha tsiku limene anawagwaditsa a Ekan m'chipale chofewa chifukwa cha mpunga wopserera. Dzino linathothoka n'kudumphira pansi pa tebulo. Doryu anasiya kubwezera, anangophimba kumaso n'kumalira mayo, koma dzanja la Sogen silinamve.

"Basi, mwanawe! Umupha! Basi!" A Ekan ankamukoka mkanjo ndi dzanja lawo labwinolo.

Ng'oma ija inali itasiya. Pakhomo panaima a Myokan, mkulu wa khitchini, atavala mkanjo wa mwambo. Anayang'ana mbale zosweka, anayang'ana Doryu, kenako anatseka chitseko bwinobwino kuti alendo asamve.

"Wayamba ndani?"

"Onani dzanja lawo!" Sogen anakuwa, wefuwefu. "Waviika dzanja lawo m'mafuta ameneyu!"

A Myokan anatembenukira kwa a Ekan, amene anali ataviika zala m'ndowa ya madzi, khungu litayera n'kuyamba kusupuka.

"Ekan, n'zoona?"

Bambo aja sanadzutse mutu. Nyumba yawo ya ku Sendai anagulitsa, mwana analibe, ndipo kunja kwa chipata ichi kunalibe amene ankawadikira. Woneneza wamkulu wake muno sakhalitsa.

"Ndinaterereka ndekha," anatero.

"Bambo!"

"Ndinaterereka ndekha, akulu. Ndine wosasamala."

Sogen anaseka, magazi a kukhutu akutsikira m'khosi. "Muno sitipha ngakhale nsomba. Nyerere ikalowa mu shuga timainyamula pa pepala kukaisiya panja. Koma munthu ndiye timakazinga!"

"Watha?" anafunsa a Myokan, osakweza mawu. "Wamenya mkulu wako mpaka kumugulula dzino. Dzuwa lisanalowe ukhale utatuluka pachipata. Koma alendo akhala kale pansi. Doryu sangaonekere kwa anthu chonchi. Ukazinge tofu wotsalayo."

"Akazinge yemwe wandipirikitsa."

"Chabwino. Ekan, dzanja lako lamanzere lili bwino?"

A Ekan anayamba kudzuka pa ndowa paja.

Sogen anatukwana mawu amene makoma amenewo anali asanawamvepo. Kenako anasamba m'manja, anamanga kansalu kukhutu, anataya mafuta aja n'kuthira atsopano. Anapukuta chidutswa chilichonse yekha, kupaka yekha, kukazinga yekha, zibakera zitatupa moti timitengo tinkamuvuta kugwira. Mbale zotsala zinatuluka tofu akadali kulira tswaa. Kuseri kwa khoma anamva mayi wina wa banja lija akuyamikira kuti chakudya cha m'kachisi chimakhazika mtima pansi.

Madzulo anatsika phiri ndi kachikwama kake, foni imene anamulanda tsiku lolowa atamubwezera. A Ekan sanabwere kudzatsanzikana naye. Pokwerera basi panalibe munthu, chipale chofewa chokhachokha. Anaimba.

"Halo? Sogen? Akulola kuimba foni masiku ano?" Mawu a amayi ake anali osangalala. "Dikira ndiwayandikizire bambo ako, amve nawo. Bambo, ndi mwana wanu uyu! Ukudya bwino koma?"

"Amayi," anatero Sogen, "musawayandikizire kaye. Tulukani panja, ndikuuzeni."