Foni ya Osward Yandidyera Ubatizo

Ine mafoni ogusa ndi chala aja ndimadana nawo, ndipo musandifunse kawiri. Makamaka a Osward, msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Chipata. Ntchito yake akuti ndi kuyesa mafoni. Amabwereka kwa anzake ogulitsa m'tauni, n'kumadzijambula akulankhula yekha ngati wodwala mutu: "Abale anga, taonani kamera iyi! Taonani batire ili!" Akatero amaponya pa Fesibuku. Imeneyo ndi ntchito? Khasu sadziwa n'kogwira komwe.

Anabwera kwathu ku Zemba mu Ogasiti, ine nditatsala ndi masabata awiri kuti ndibatizidwe. Zaka ziwiri ndikuyenda kalasi ku Reformed, mavesi onse ali m'mutu. Amayi anali atasoketsa kale diresi loyera.

Loweruka masana kutsidya kwa dambo kunali gule, ankamanga chiliza cha agogo ake a Elinata, mnzanga. Kwathu ku mpingo, wa kalasi akapezeka ku gule amachotsedwa, palibe zokambirana. Ine ndinanama kuti ndikukatola nkhuni. Ndinafunda chitenje kumutu, n'kuima kumbuyo kwenikweni. Koma ng'oma zija, mayo! Chitenje chinatsika chokha n'kukamanga m'chiuno, ndipo posakhalitsa ndinali pakati pa azimayi, kuwomba m'manja ndi kuyimba kuposa eni maliro.

Lolemba Osward anandiitana ali gone pa mphasa.

"Mkazi wanga Tadala, bwera uone mmene watchukira."

Amanditcha choncho chifukwa cha chisuweni, ngakhale mwamuna wotere sindingamufune olo andipatse ng'ombe.

Ndinayang'ana pa foni yake: vidiyo ya ku gule kuja, pa Fesibuku. Ine! Kukamwa yasa, thukuta kamukamu. Iye anaima pa chulu kutali uko, akuti ankayesa mmene kamera imakokera zinthu pafupi.

"Fufuta."

"Wapenga? Anthu zikwi zitatu aonera. Foni iyi ndi moto."

"Moto ukuotche iweyo. Akaona a Simeoni, ubatizo wanga watha." A Simeoni ndiwo mkulu wa mpingo amene amatiphunzitsa kalasi.

"A Simeoni ali ndi kafoni ka mabatani kotochi. Aonera pati? Pa tochipo?"

"Mutu ngati dzungu."

"Koma umavina, mkazi wanga."

Ndinamulanda foniyo kuti ndifufute ndekha, koma sindinadziwe pogusa, vidiyo inangoyambiranso. Ndiye kumapeto kwake ndinaona chinthu. Kuseri kwa mtengo wa mango, chilombo chimodzi chinali chitakweza chigoba pang'ono kuti chimwe madzi. Chibwano chonse poyera, ndi ndevu zomwe. Osward sanazione, iye amangoona kuwala kwa kamera. Koma kuno ngakhale mwana amadziwa kuti nkhope ya chilombo sionetsedwa.

Ndinati wagwidwa, galu iwe.

Ndinauza munthu mmodzi yekha, Elinata, kuti akanong'oneze amalume ake a Levy, amene ndi akuluakulu a gule. M'mawa mwake a Levy anafika ndi anzawo awiri. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kunena kuti, "Mphwanga, tabweretsa kafoni kako tione."

Osward yemwe uja wa "abale anga, abale anga" anagwada pansi. Anafufuta vidiyo ija n'kupepesa. Madzulo ake anakwera njinga kukadikira basi ku Chadiza. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Chimene sindinawerengere ndi pakamwa pa Elinata. Anauzanso amayi ake, amayi akewo n'kukatula nkhaniyo ku mjigo. Vidiyo imene kuno kumudzi palibe anaidziwa, aliyense tsopano anafuna kuona ndevu zija n'za ndani. Ndipo Melody, mwana wa a Simeoni amene amaphunzira unamwino, anali ataisunga m'foni yake Osward asanaifufute.

Lachinayi ku kalasi a Simeoni anati, "Tadala, tsalira."

Foni ya Melody inali pa tebulo.

"Ndimafuna kuona zimene anthu akunenazi. Ndevu sindinazizindikire. Koma uyu wa chitenje chobiriwira ndamudziwa. Kapena ndi maso anga?"

"Ndimakatola nkhuni, abambo."

"Nkhuni zake zoyimba bwino chonchi?"

A Simeoni anazimitsa foni ija.

"Uyambiranso kalasi chaka chamawa."

Diresi lija amayi alipinda n'kuliika pansi pa sutikesi, ati mwina Keziya, mng'ono wanga, adzalifuna. Sakundilankhula bwinobwino mpaka lero. Lamulungu anzanga asanu ndi mmodzi anabatizidwa ine nditakhala benchi yakumbuyo, Melody ali kutsogolo kuwajambula ndi chifoni chake chomwecho.

Dzulo Osward watumiza uthenga pa foni ya atate, akuti andiuze kuti wapeza ina ya makamera anayi. Abwere nayo. Mtondo ndi munsi zili pakhomo pompano.