Mpando Wofulatira Moto

"Katoni imeneyo uyisiye kaye," anatero Clifford, ataima pakhomo la kukhitchini ndi makapu awiri a tiyi.

Doreen sanacheuke n'komwe. Anapitiriza kutapa timapepala m'katoni ya nsapato n'kumatiponya mumgolo umene unkayaka kuseri kwa nyumba. Bambo awo, a Wilfred, anaikidwa m'manda Lolemba, ndipo akhonsolo, eni nyumbayo, ankafuna makiyi Lachisanu. Makatoni oterewa analipo khumi ndi anayi, ndipo awiri anali atasanduka kale phulusa.

"Mayi a ku laibulale aja anapempha pamaliro paja kuti tiwapatse," anatero Clifford. "Akuti ndi ntchito yaikulu imeneyi."

"Ntchito yaikulu! Achimwene, inu mumabwera pa Khirisimasi ndi kabotolo m'manja, m'mawa mwake ulendo wa ku London. Ine ndawasambitsa bambowa zaka zisanu ndi chimodzi. Zowotcha ndisankha ndine."

"Iwe Doreen, mkamwa mwakomo simunazizirebe?"

"Muziziritse tiyi wanuyo."

A Wilfred anagwira ntchito zaka makumi anayi m'fakitale yoluka nsalu, ndipo makina anawagonthetsa makutu monga anachitira ndi theka la anthu a mumsewu wawo. Kumeneko anthu ankacheza powerengana milomo. Ndiye taonani zodabwitsa: munthu wosamva n'kutha moyo wake akusakasaka liwu limodzi lokha, lakuti skrike, limene anthu a ku Lancashire amanena mwana akakuwa mfuwu wobaya m'makutu. Loweruka lililonse anali ku laibulale. Makalata ankalemba mpaka ku Norway. Kumowa anzawo ankawatcha Pulofesa, iwo n'kumangomwetulira, kaya ankawamva kaya ayi.

Doreen ankadana nato timapepalato, ndipo sanawerengepo ngakhale kamodzi. Chifukwa chake chinali pamkono wake wamanzere. Anapinda juzi n'kuonetsa chipsera chija, chokwinyika kuchokera pachigongono mpaka padzanja.

"Mukuchiona ichi? Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Inu munali kusukulu, amayi kusitolo. Ndinakoka ketulo pachitofu, madzi onse pamkono. Ndinakuwa, achimwene, ndinakuwa mpaka mawu kutha. Bambo anali apo, pabalaza, chitseko chili chotsegula, akuothera moto ndi nyuzipepala yawo. Ndinkaona nkhongo yawo. Sanatembenuke."

"Sankamva, iwe ukudziwa."

"Mayi Ogden a nyumba yoyandikanayi nawonso ankaluka nsalu, koma anamva kuseri kwa khoma n'kuthamangira kuno. Chabwino, sanamve. Nanga pakamwa panagonthanso? Zaka makumi anayi ndi zinayi, osati pepani, osati mkonowo uli bwanji, ziii! Nthawi yolembera anthu a ku Norway inalipo."

"Madzi akatayika saoleka, mchemwali wanga."

"Anatayikira pa ine madziwo, osati pa inu."

Clifford anaika kapu ya Doreen pawindo n'kubwerera m'nyumba kukapakira mbale. Doreen anakoka katoni yachitatu. Inali yakale kuposa zinzake, yomangidwa ndi ulusi wa kufakitale, ndipo mfundo yake inamuvuta. Ataikoka mwaukali, katoni inang'ambika, timapepala tonse mbwee pansi ponyowa. Anatukwana, n'kugwada kuti atole.

Ndiye munthu ukamatola pepala, maso amangowerenga okha. Koyamba kanali ka zomwe ankayembekezera. "Mabuku akuti liwuli linabwera ndi anthu a zombo ochokera kumpoto, zaka chikwi zapitazo. Abale ake akadalipo kutsidya kwa nyanja." Doreen anafwenthera. Kachiwiri kanali kachikasu, kolembedwa ndi pensulo, ndipo deti lake linamuimitsa. Linali la mwezi umene iye anagonekedwa m'chipatala atapsa mkono uja.

"Mayi Ogden anandigwedeza phewa n'kundifunsa ngati sindinamve mwana akukuwa. Liwu limene ananena, skrike, ndinaliwerenga pamilomo pawo. Ndawafunsa kuti analira bwanji. Akuti ngati kalulu wogwidwa pamsampha. Msampha ndikuudziwa. Kulirako sindikukukumbuka."

Doreen anakhala pansi, pamiyala yonyowa pomwepo. Anatola kena.

"Ndafunsa abusa. Akuti ndisadzizunze. Sindinawafunse zimenezo."

Kena: "Ndafunsa Edith. Walira, sanayankhe." Edith anali mayi awo.

Kena: "Ndagwira belu la kufakitale likulira, kuti mwina dzanja lingandiuze. Langonjenjemera basi."

Timapepala ta mtundu umenewu tinali tambiri, tosakanikirana ndi ta m'mabuku, chaka ndi chaka. Anafunsa anamwino, anafunsa wopha nkhumba, anafunsa mphunzitsi wa kwaya. Kakumapeto kanali ka inki ya buluu, zilembo zokhotakhota ngati za mwana, za nthawi imene Doreen anali atayamba kale kuwadyetsa ndi sipuni.

"Tanthauzo lake ndikulidziwa. Kumene linachokera ndikukudziwa. Kamvekedwe kake ayi. Watsala munthu mmodzi woti ndimufunse, ndipo amabwera tsiku lililonse. Lero wandimeta ndevu. Ndinayang'ana mkono wake, ndinaopa."

Mayo ine! Chisoni chinamugwira Doreen, chosakanikirana ndi mkwiyo womwe uja, chifukwa nkhalamba yamanthayo ikanangotsegula pakamwa kamodzi kokha. Iyenso akanangotsegula katoni imodzi. Tsiku la ndevulo ankalikumbuka. Anawakalipira kuti akhazikike, asamangotembenuza mutu.

M'nyumba munamveka kukhuluzika kwa chinthu cholemera. Doreen analowa timapepala tili m'manja. Clifford anali akukoka mpando wa bambo awo kuti autulutse.

"Wogula katundu wakale akubwera mawa," anatero. "Koma mdalayu analinso ndi zake. Ndani amakhala chofulatira moto? Amayi analankhula mpaka kutopa, kuti akutitsekera kutentha. Wailesi ya kanema itabwera, n'kumaonera chopotoza khosi."

"Unayamba liti kukhala chonchi mpandowu?"

Clifford anakanda mutu wake wadazi. "Kaya. Kalekale. Ndikuganiza nthawi imene iwe unali m'chipatala muja. Ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza autembenuza." Anaona nkhope ya mchemwali wakeyo n'kusiya mpando. "Watani? Utsi?"

Doreen anamupatsa timapepala tija, n'kukankhira mpando pamalo pake, miyendo yake inayi n'kulowa m'maenje amene inakumba pakapeti. Zaka zonsezi anali asanaukhalepo. Ali mwana unali woletsedwa, atakula ankangoupukuta. Anakhala.

Pamsana pake panali moto wozima. Kutsogolo kwake, molunjika ndithu, kunali chitseko cha kukhitchini, chimene bambo awo anachichotsa loko n'kuchitchinga ndi njerwa kuti chisamatsekeke. Kudzera pamenepo chitofu chinkaoneka chonse, ndi ketulo pamwamba pake, ndi malo amene munthu amaima akamathira madzi.

Clifford anawerenga ataimirira, milomo ikuyenda ngati mmene inkachitira ya bambo awo. Atamaliza anapukuta magalasi ake nthawi yaitali.

"Ndikazimitse mgolo uja?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kazimitseni. Ndipo mukatero mudzaike ketulo pamoto, tiyi uja wazizira."

Clifford anatuluka, kenako anabwerera n'kuima pachitofu chomufulatira. Doreen anakhalabe pampandopo, dzanja lamanja lili pachipsera, akumuyang'ana mpaka madzi anawira.