Dikishonale ya a Hudson

Pakhonde la sitolo ya a Anwar, pa Mlare, pali mpando umodzi wokha wotsamira. Enafe timakhalira makireti. Mpandowo unali wa a Hudson, mphunzitsi wopuma, chifukwa mkangano uliwonse ankaudula ndi iwo. Akangoti, “Zili mu dikishonale yanga,” basi, nkhani yatha. Bukulo palibe analionapo, koma tinkaliopa ngati apongozi.

Ndiye kunabwera Keith, mnyamata wa zaulimi, chala chili pafoni nthawi zonse. Loweruka lina anati nangumi si nsomba, amayamwitsa ana ngati ng'ombe.

“Yayi!” anakuwa a Hudson. “Chokhala m'madzi chiyamwitse? Kafoni kako kakupusitsa, mwana iwe.”

“Bweretsani bukulo, aphunzitsi. Likatsutsa foni, pano sindidzayankhulanso. Likavomera, mpandowo ndi wanga.”

Ine ndinada nkhawa, chifukwa a Hudson popanda mpando uja ndi munthu wamba ngati ine wogulitsa tomato. Koma iwo anangodzuka, napalasa njinga. Pobwera anali atalimanga pakaliyala ndi mphira, akazi awo a Dora akuwatsatira ndi beseni la mandasi, nkhope ili gwa.

Analiika patebulo mwaulemu, napukuta fumbi, navala magalasi. Anati m'Chingerezi dzina la nangumi limapezeka chakumapeto. Atatsegula chakumapetoko, ayi ndithu, chikuto chokhachokha! Buku lonenepa lija linali litathera pakati.

“Chiswe!” anatero a Hudson.

“Chiswe chodula mowongoka chonchi?” anafunsa a Anwar, uku akufunyulula mandasi omwe anali atangogula. Anayang'ana pepala lamafutalo, nayang'ana buku, kenako anayang'ana a Dora. Tonse tinayang'ana mapepala athu. Abale, chaka chonse takhala tikupukutira m'manja nzeru za aphunzitsi!

Keith anati popanda buku foni yapambana, ndipo anakhala pampando mopanda manyazi n'komwe. Ineyo zinandiwawa, ngakhale ndinaseka mpaka misozi.

A Hudson anatembenukira akazi awo. “Anyina Leticia, buku langa mpaka kukulungira mandasi?”

“Manyuzipepala anasowa, bambo, aliyense akuwerenga pafoni,” anayankha a Dora, akupatsa kasitomala wina mandasi. “Komatu ndinakuganizirani. Ndinayambira kumapeto, poti ndinadziwa kuti inu simudzafikako.”