Ndevu za Mbali Imodzi

"Ichi ndi chipere," anatero a Dokotala, atanyamula kamphaka pakhosi ngati umboni wa m'khoti.

Panali patatha masiku atatu chiikireni m'manda mng'ono wawo, yemwe anali wokonza mawailesi. Achibale anali atabalalika, mipando yobwereka itasanjikizidwa pakhonde. M'nyumba munatsala mayi wamasiye, mwana wake wamkazi yemwe ndi mphunzitsi, ndi a Dokotala. Udokotalawo anaupeza ku ofesi ya za ziweto, komwe anadinda mapepala zaka makumi awiri. Ng'ombe sanaigwirepo, koma matenda ake onse ankadziwa kalembedwe kake.

Kamphakako anakapeza m'mawa womwewo m'kachipinda kogwirira ntchito kuseri kwa nyumba, komwe malemu anagwera. Kankalowera pansi pa chitseko. Tsaya la kumanja linali ndi ndevu zake zonse. La kumanzere linali mbee.

"Sabata yatha ndinakaona pampanda kali ndi ndevu mbali zonse," anatero mphunzitsi.

"Ndiye kuopsa kwakeko, mwanawe." A Dokotala anatambasula zala za dzanja lomwe linalibe mphaka. "Ndevu za mphaka zimachoka pa zifukwa zinayi. Make amatha kuziluma pokanyambita. Make mukumuona pano? Ana amadula ndi sizasi. Pano pali ana? Utitiri, kamphaka kamadzikanda mpaka kuzithyola. Utitiri ndafufuza, mulibe. Chatsala n'chiyani?"

Anadziyankha okha.

"Chipere. Ndipo chimagwira anthu. Alamu, ndipatseni thumba, ndikakataye kutali. Zonse za m'kachipindamo zituluke, zina zitenthedwe, mupoperedwe mankhwala."

Dzulo lake mphunzitsi anawaona akuyeza kachipindako ndi mapazi, kasanu m'litali, kanayi m'lifupi. Njinga yawo yamoto inkagona panja chiyambire mvula.

Mayi wamasiye anali atagwira kapu ya tiyi yomwe inazizira kalekale. Chichitikire malirowo anavomera zonse: bokosi lomwe anasankha ena, nyimbo zomwe anasankha ena, ngakhale tayi yomwe mwamuna wake sankaikonda. Mawu ankamufika ngati wailesi ya kwa aneba. Anadzuka, n'kukatenga thumba kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

"Amayi!"

"Nanga nditani? Bambo ako sankafuna amphaka."

"Mwamva?" anatero a Dokotala. "Mng'ono wanga ankawagenda ndi nsapato. Tikungolemekeza malemu."

Izi zinali zoona. Nsapato zambiri za m'nyumbamo zinadziwa kuuluka chifukwa cha amphaka.

Anatuluka onse atatu. A Dokotala anafuna chingwe chomangira kukamwa kwa thumba, ndipo chingwe chinali m'kachipinda muja. Mayiyo anaima pakhomo. Anali asanalowemo chiyambire tsiku lomwe anthu anamunyamula mwamuna wake pamenepo. Mawailesi anali pashelefu, lililonse ndi kapepala ka mwini wake. Magalasi a malemu anali pathebulo, otsegula, ngati mwini wake wangopita kukamwa madzi.

"Tandigwirira, mwanawe," anatero a Dokotala, akupereka kamphaka. "Koma ukasambe m'manja ndi sopo."

Mphunzitsi anatenga galasi lokulitsa zinthu lomwe bambo ake ankaonera timawaya, n'kuliika pa tsaya lopanda ndevulo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo aakulu, chipere chimasiya khungu lotani?"

"Lotuwa. Lozungulira. Lamamba."

"Khunguli lilibe kanthu. Ndipo ndevu sizinazuke, zitsa zake zilipo. Nsonga zake zapindika, zili ndi timitu takuda."

"Chipere chili mitundumitundu."

"Amayi, taonani."

Mayiyo anawerama. Anali atatenthapo nsonga za ulusi kokwanira pa moyo wake.

"Zapsa izi," anatero.

"Zapsa ndi chiyani? Muno mulibe moto," anatero a Dokotala.

Maso a amayi ndi mwana anapita pathebulo, pomwe panagona chitsulo chija malemu ankasungunulira mtovu polumikiza mawaya. Chikayaka sichioneka kuti chayaka. Kuti kamphaka kakhudze chitsulocho ndi tsaya, kanayenera kukhala pathebulo pomwepo, pafupi ndi dzanja la mwini wake, iye akugwira ntchito.

"Chifukwa chachisanu," anatero mphunzitsi.

"Chimenecho m'mabuku mulibe," anatero a Dokotala. "Komabe mphaka wopanda ndevu ndi wolumala. Adzagunda zipupa. Sadzagwira khoswe."

"Zimamera," anatero mphunzitsi.

"Kaya zimere, kaya zisamere," anatero mayiyo, ndi mawu omwewo ozizira. "Inunso, alamu, tsitsi linakuchokani kalekale. Sitinakuikeni m'thumba."

A Dokotala anadzigwira padazi, n'kutsokomola.

"Ndiye za kachipindaka?"

"Muli mawailesi a eni. Thumbalo ndibwezereni, ndimasungiramo makala."

Anabweza. Ananena kuti ali ndi msonkhano wofunika, ndipo patapita kanthawi njinga yamoto inamveka ikukana kulira, kenako ikuvomera.

Mphunzitsi anatsitsa kamphaka. Kanadumphira pampando, kuchoka apo pathebulo, n'kukhala pambali pa magalasi osafunsa munthu njira.

Apo m'pamene mayiyo anaona kanthu kena kuseri kwa chitsulo chija. Kanali kakhola ka waya, kakang'ono, kolukidwa bwino, kotalika mofanana ndi chitsulocho, kokhala ndi mpata wotulukira chingwe cha magetsi. Mbali zitatu zinali zitatha. Waya wa mbali yachinayi anali akadali m'kamwa mwa pulayala.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri, mwamunayo sananenepo kuti pepani. Akamulakwira madzulo, m'mawa mayiyo ankangopeza chitseko chasiya kulira, kapena chogwirira cha poto chalimba.

"Amayi, ndikutenthetsereni tiyi?"

"Dikira."

Mayiyo anakhala pampando wa mwamuna wake, n'kukankhira kamphaka pambali ndi chigongono. Anavala magalasi aja, ngakhale anali aakulu, natenga pulayala ndi manja awiri, n'kuyamba kupinda waya wotsalayo.